Wodzipereka nayenso ali ndi munda wake: kalata yotseguka kwa akuluakulu a mabungwe

Kwa inu mabwana ndi madona oyendetsa mabungwe omwe si aboma, akuluakulu a m'makhonsolo, ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti amene muli ndi nthambi zachitukuko,

Ndakupatsani moni nonse. Ine ndine mayi wa m'boma la Phalombe, ndipo ndakhala ndikugwira ntchito mongodzipereka kuyambira 2003. Mwezi wathawu kunabwera alendo kwathu kuno kudzaona momwe ntchito ikuyendera. Tinakumana pansi pa mtengo wa mango, ndipo mmodzi mwa alendowo, mtsikana waulemu wake ndithu, anafunsa chimene chikuchititsa kuti mavolontiya azitha m'magulu. Ife tisanatsegule pakamwa, bambo wina amene anabwera nawo anayankha kuti anthu a masiku ano akonda ndalama, mtima wodzipereka unapita ndi makolo. Onse anagwedeza mitu, mtsikana uja n'kulemba m'kope. Mawuwo anandilasa mumtima. Sindikanatha kutsutsa mlendo pamaso pa amfumu, koma ndagona nawo masiku ambiri, ndipo ndaona kuti ndikakhala chete yankho lija lilowa m'lipoti, lipotilo lifika patebulo panu, inu n'kulikhulupirira.

Ndiyambe ndakuuzani kumene tachokera. Mu 2003 Edzi inali itatilowera m'nyumba. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo kumidzi kuno anatenga nthawi kuti atipeze. Isanafike nthawi imeneyo, munthu akatulutsidwa m'chipatala ankabwera kudzagona pamphasa kudikira tsiku lake. Tinadzisonkhanitsa amayi ndi abambo 24 a m'midzi yoyandikana, n'kuyamba kuyendera odwala. Katundu wathu anali beseni, sopo ndi kansalu. Magolovesi akatha tinkavala mapepala a pulasitiki a shuga m'manja, n'kumanga ndi luzi pamkono, kuti tisambitse munthu amene abale ake enieni ankaopa kumukhudza. Ndimakumbukira mayi wina amene msana wake unali zilonda zokhazokha chifukwa chogonera mbali imodzi. Tinkamutembenuza awiri, wina kumutu wina kumiyendo, iye akulira chapansipansi, tikatero n'kumuphikira phala ndi ufa wotapa m'nyumba zathu. Palibe anatilonjeza kanthu.

Mwa anthu 24 aja ena anatsogola, Mulungu awalandire. Amene tikadali m'magulu a mabungwe tatsala 5. Ena onsewo alipo, ali moyo, ndipo mtima wawo ndi womwe uja: kukagwa zovuta m'mudzi ndiwo amayamba kufika, wodwala akasowa womudikirira kuchipatala ndiwo amanyamula mphasa. Chimene anasiya ndi ntchito ya mabungwe. Funso la mtsikana uja liyenera kuyambira pamenepa.

Taonani adzukulu. Maliro akachitika, abambo ndi anyamata amalawirira kumanda ndi makasu, mapiki ndi mafosholo. Dothi liume chotani, mvula igwe chotani, manda amakumbidwa. Amayi amatunga madzi, kutola nkhuni ndi kusonkha ufa khomo ndi khomo. Palibe kaundula wosainira, palibe alawansi, palibe amene anapitako ku semina, koma chibadwire sindinamvepo kuti ntchito imeneyi yasowa anthu. Ndaganizira kwambiri chifukwa chake. Nsima ikapsa, ya adzukulu imanyamulidwa kupita kumanda, ndipo ikachedwa amatumiza mawu, eni maliro n'kupepesa. Iwo akati manda sanathe, ngakhale amfumu amadikira. Woyankhula pamaliro sangakhale pansi asanawathokoze. Wokumbayo amadziwa kuti zikadzagwa pakhomo pake anzake adzabwera ndi makasu omwewo. Ndiponso ntchito yake ili ndi poyambira ndi pothera. Thupi likaikidwa aliyense amabwerera kumunda kwake. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a Dawa nawo akhala zaka zambirimbiri akuyendera odwala ndi okalamba pa chifukwa chofanana: gululo ndi lawo, amadziwana mayina, ndipo mmodzi akagwa m'mavuto enawo amamunyamula. Anthu omwewa ndi amene mumawalemba m'mabuku anu kuti mavolontiya. Akafika kwa inu mtima wawo sunasinthe. Chimene amasowako ndi zinthu zimene kumanda amazipeza.

Agogo anga aakazi ankatiuza za thangata. Mawu akuti kuthangata ndi abwino, ndiko kuthandiza mnzako monga ankachitira pa dima: lero kulima kwa uyu, mawa kwa uyo, dzuwa likapendeka kumwera limodzi thobwa. Azungu a m'maesiteti anatenga mawu omwewo n'kuwasandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Makolo athu Achilomwe amene anachokera ku Mozambique anamva kuwawa kwake m'minda ya ku Magomero, Thyolo ndi Mulanje, kumene miyezi ya dzinja, nthawi yoti alimire ana awo chakudya, inkathera m'munda mwa mzungu. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinadzutsa John Chilembwe mu 1915, ndipo ntchito ya thangata inadzathetsedwa mu 1962. Sindikunena kuti inu ndinu atsamunda, ayi. Ambiri mwa inu ndinu ana athu, munakulira m'midzi momwemu, ndipo ntchito zimene mumabweretsa zapulumutsa miyoyo. Koma dziwani kuti mawu aja sanafe. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, anthu ambiri anayamba kutcha ntchito zodzithandiza, ngati zija za sabata ya achinyamata, kuti thangata. Lero ndimawamva pakamwa pa amuna a anzanga: "Wapitanso ku thangata?" Mayi akamva mawu amenewa kawiri katatu pakhomo pake, chonsecho m'manja alibe choonetsa, musadabwe mukaona kuti mwezi wamawa sanabwere.

Ntchito yathu imaoneka yaulere chifukwa m'bajeti yanu mulibe mzere wake. Koma alipo amene amalipira, ndipo kawirikawiri ndi munda wathu. Ndikuuzeni za tsiku lina mu Disembala. Uthenga unafika pafoni usiku kuti mawa 8 koloko kukubwera alendo, tisonkhanitse amayi ndi ana. Inali nthawi yopalira, mvula itagwa bwino, udzu ukupikisana ndi chimanga. Ndinasiya khasu pakhonde, ndinayenda nyumba ndi nyumba m'mamawa, amayi anasambitsa ana, tinasesa bwalo, tinayeserera nyimbo zolandirira alendo. Dzuwa linafika paliwombo galimoto osaoneka. Ana anayamba kulira njala, amayi akundiyang'ana ine amene ndinawaitana. Alendo anafika 2 koloko itadutsa, anajambula zithunzi, anafunsa mafunso angapo, ola lisanathe n'kunyamuka poopa mtsinje kuti ungadzaze. Amayi oposa 30 anataya tsiku lopalira, ndipo amene anapita kukapepesa m'makomo ndi ine. Masiku otere akachuluka, zotsatira zake zimaoneka mu Febuluwale, pamene mayi yemwe uja amaphunzitsa anzake za magulu 6 a zakudya akupezeka pa ganyu kuti ana ake agone atadya.

Pempho langa pamenepa ndi losavuta. Pokonza ndondomeko za ntchito, tifunseni kalendala yathu. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale misonkhano ichepe, ndipo yofunikayo izikhala masana anthu ataweruka kumunda. Tsiku la msika lilemekezedwe. Mukachedwa panjira, imbani foni tibalalike.

Kupatula munda, thumba nalo limalipira. Lipoti mumafuna lifike pa WhatsApp kapena tiimbe foni. Mayunitsi timagula tokha, ndipo foniyo timakatchajitsa pamsika ndi ndalama yathu. Mafomu akatha timauzidwa kuti tikachite fotokope. Mwana akapezeka wonyentchera kwambiri, mayi ake alibe ya kabaza, sungamusiye. Umamasula pamfundo ya chitenje. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo ya kabaza, sopo ndi mchere inakwera nthawi yomweyo, koma ndalama ya thiransipoti imene bungwe lina linkatibwezera inakhala yomwe ija kwa nthawi yaitali. Ndalama imeneyi si malipiro. Ndi kubweza zimene munthu wawononga pa ntchito yanu. Nthawi yanga ndingapereke mwaulere ndi mtima wonse, koma mchere wa ana anga usamalipirire pulojekiti.

Chimene chinatichotsera anthu ambiri kuposa zonsezi ndi malonjezo. Akulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Pa maphunziro ena tinauzidwa kuti aliyense alandira njinga, ambulera ndi magambutsi. Mayina tinalemba, ngakhale saizi ya phazi anatifunsa. Mnzanga wina, mayi wakhama amene ankayenda mtunda wautali kuposa tonsefe, anakauza amuna ake nkhani yabwinoyo. Chaka chinatha, chachiwiri chinatha. Amuna ake anayamba kunena kuti njingayo analandira n'kugulitsa, kapena anakaisiya kwa alongo ake. Banja linagwedezeka mpaka ankhoswe analowererapo. Tsiku lina anabwera kwathu m'mamawa, anatulutsa mabuku a zithunzi ophunzitsira aja atawakulunga bwinobwino m'nsalu, n'kunena kuti, "Achemwali, ndisungireni. Ine ndiyambe ndasamala banja." Misozi ili m'maso. M'lipoti analembedwa kuti anasiya chifukwa chosowa chidwi. Akanangotiuza poyamba kuti njinga palibe, mayi ameneyu bwenzi tili naye mpaka lero, chifukwa zaka zonse zija ankayenda wapansi osadandaula.

Ndipo kumudzi anthu amakhulupirira kuti timalandira. Akationa tavala tisheti ya bungwe, tikukwera galimoto kupita kuboma, amati awa zawo zinayera. Kukabwera kalembera wa chimanga cha chithandizo kapena Mtukula Pakhomo, pamamveka mawu akuti, "Awa asiyeni, amadya kale kubungwe." Wodzipereka amaluza mbali zonse ziwiri. Mukamayamba ntchito m'dera, imani pamaso pa amfumu ndi mudzi wonse, munene momveka kuti anthu awa salandira malipiro, chimene adzalandire ndi ichi ndi ichi basi. Mawu ochepa amenewa akhoza kutichotsera chitonzo cha zaka zambiri.

Nkhani ya alawansi sindiibisa, chifukwa nanenso ndimaiona. Alipo amene amalowa m'gulu akamva kuti kuli maphunziro kuboma, maphunziro akatha osaonekanso. Alipo mafumu amene amalembetsa adzukulu awo ndi alamu awo, ogwira ntchito enieniwo n'kutsala. Koma khalidwe limeneli linaphunzitsidwa. M'mudzi umodzi bungwe lina limapereka ndalama pa msonkhano uliwonse, lina limapereka botolo la zakumwa ndi bisiketi, lina silipereka kanthu, chonsecho ntchito ndi yofanana ndipo anthu ake ndi omwewo. Munthu wosauka akathamangira kumene kuli kenakake mungamudzudzule bwanji? Inu a khonsolo, amene mabungwe onse amadzera kwa inu asanalowe m'midzi, ndi inu a CONGOMA, bungwe limene limasonkhanitsa mabungwe omwe si aboma, khalani pansi mugwirizane muyezo umodzi m'boma lililonse. Ndiponso posankha mavolontiya, asankhidwe ndi anthu amene adzawatumikire, pabwalo, masana. Wosankhidwa ndi anansi ake amachita manyazi kuwakhumudwitsa.

Ndinamva kuti njira ya makeyagulupu imene tikugwiritsa ntchitoyi, yoti amayi odzipereka aziphunzitsa anansi awo za umoyo, inayambira kwa anansi athu ku Mozambique, m'chigawo cha Gaza, ndi bungwe la World Relief mu 1995. Nzeru yake inali yoti katundu apepuke: mayi mmodzi aziyang'anira nyumba 10 kapena 15 zokha za anansi ake, zimene angaziyendere popita kumjigo kapena pobwera kudimba, ndipo azikumana ndi anzake kawirikawiri kuti aphunzire phunziro limodzi, akaligawe. Ndi nzeru yabwino, ndipo ndaona ikugwira ntchito. Koma kuno munthu akadziwika kuti ndi wokhulupirika ndipo amatha kulemba, aliyense amamusenzetsa. Wa zakudya ndi yemweyo, wa ukhondo ndi mipondagiya ndi yemweyo, wa komiti ya mjigo, wa banki m'khonde, wa komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, wobweza atsikana kusukulu, yense ndi yemweyo. Bungwe lililonse limati langopempha maola awiri pa sabata. Palibe amene amawonkhetsa maolawo. Ine panali nthawi imene ndinali ndi makaundula 4 a mabungwe osiyana, mafunso ake ofanana, ndipo ndinkalemba usiku ndi tochi ana atagona. Amene amayamba kugwa ndi akhama aja, chifukwa sadziwa kukana.

Palinso ntchito zina zimene, kunena zoona, zinasiya kalekale kukhala zongodzipereka. Mlezi wa sukulu ya mkombaphala amakhala ndi ana kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, m'mawa wonse, chaka ndi chaka. Amawaphunzitsa, amawapukuta, amaonetsetsa kuti phala laphikidwa. Nthawi yolima aipeza kuti? Boma linayamba kupereka kandalama kothokoza kwa alezi ena, ndipo pamenepo tiyamike, koma ambiri sanafikiridwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2018 onena kuti ogwira ntchito zaumoyo m'midzi azilipidwa molingana ndi kukula kwa ntchito yawo, maola ake ndi maphunziro awo. Ndikupemphani kuti muzisiyanitsa. Ntchito ya maola ochepa pa sabata, pakati pa anansi, tidzaigwira mwaulere monga takhala tikuchitira. Ntchito imene imadya tsiku lonse la munthu itchedwe dzina lake, ndipo polemba mapempho kwa opereka thandizo muziikamo malipiro ake monga mumaikiramo mafuta a galimoto.

Mwina mufunsa kuti nanga ineyo chandisunga n'chiyani zaka zonsezi. Pali kamnyamata kena m'mudzi mwathu kamene ndinakapeza kali ndi chaka chimodzi ndi theka, tsitsi lofiirira, mapazi otupa, kosalira n'komwe. Tepi yoyezera pamkono inafika pofiira. Mayi ake ankati ndi tsempho, agogo ake ankafuna apite nako kwa asing'anga. Ndinakhala pakhonde pawo mpaka madzulo, mawa lake ndinakabereka ndekha kupita nako kuchipatala. Kanagonekedwa, kenaka kanayamba kulandira chiponde, ndipo miyezi yotsatira ndinkapita kukaphika ndi mayi ake phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi masamba osinja. Lero ali pasukulu, amathamangitsa mpira wachikulunga, ndipo akandiona amakuwa kuti "Agogo!" Chimenechi ndicho chimandidzutsa m'mawa.

Chachiwiri ndi mlangizi wina wa zaumoyo amene tinali naye zaka zingapo. Analibe choti atipatse, nayenso njinga yake inali yothyokathyoka. Koma ankabwera. Ankalowa nane m'nyumba, ankamvetsera ndikamaphunzitsa, tikatuluka n'kundiuza kumbali pamene ndaphonya, osati pamaso pa anthu. Ndikatumiza wodwala ndi kakalata, iye ankandibwezera mawu kuti munthu uja wapezeka ndi chakuti, mwachita bwino kumutumiza msanga. Mayi anga atamwalira anabwera kudzagona pasiwa. M'zaka zimene anali nafe, gulu lathu silinataye munthu ndi mmodzi yemwe. Posankha alangizi oyang'anira mavolontiya muziyang'ana mtima wotere, ndipo muziwapatsa mafuta ndi nthawi yoti atifikire, chifukwa ambiri amafuna kubwera koma mapepala a muofesi amawamanga miyendo.

Malipoti athu amakwera mwezi ndi mwezi, koma sitimva kumene amathera. Kafukufuku wa boma anaonetsa kuti mu 2010 ana 47 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 37. Ine nkhani imeneyi anandiuza ndi mwana wanga amene anaiwerenga kusukulu. Ndinakhala kaye chete, chifukwa ndinazindikira kuti m'manambala amenewa muli mapazi athu, muli phala lija tinkaphika m'makonde. Bwanji palibe anabwera kudzatiuza? Kamodzi pa miyezi itatu, bwererani ndi manambala a dera lathu, mutiuze kuti ana onyentchera achepa kapena achuluka, mutifunse kuti tikuona kuti vuto lili pati. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife timadziwa nyumba imene bambo amaletsa mkazi wake kupita kusikelo, timadziwa mudzi umene mjigo wake unafa chaka chatha, timadziwa chifukwa chimene uthenga wina sukulowa. Kangapo konse takhala tikuona pulojekiti ikulowera kolakwika, koma poti palibe wotifunsa, timangoimba nyimbo alendo akabwera.

Za Malichi 2023 ndimavutika kulemba. Ife a ku Phalombe tinali tisanaiwale napolo wa 1991, ndiye namondwe wa Freddy anabwera ndi matope, miyala ndi mitengo kuchokera m'mapiri. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa, oposa 600,000 anasowa pokhala. Nthawi yomweyo kolera, imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, inali isanathe. Misewu itaduka, milatho itakokoloka, magalimoto asanathe kufika, amene anayamba kufukula anthu m'matope ndi manja anali a m'midzi momwemo: mavolontiya a Red Cross, a makomiti a m'midzi, achinyamata a m'mipingo ndi m'mizikiti. M'misasa tinkathira mankhwala m'madzi akumwa, kulemba mayina, kuyang'anira amayi oyembekezera. Koma ambiri mwa ife tinalinso othawa. Mnzanga wina ankalemba mayina a anthu olandira mabulangete pamene nyumba yake inali itagwa ndipo mdzukulu wake anali asanapezeke. Ankalemba, dzanja likunjenjemera. Anagwira ntchito mpaka msasa unatsekedwa, atabwerera kumudzi anangoti zii, mpaka lero sabweranso kugulu. Palibe wa kubungwe amene anakhala naye pansi kumufunsa kuti, "Nanga inuyo mayi, muli bwanji?" Amene amatonthoza anzake amafunanso womutonthoza. Pokonzekera ngozi zamtsogolo, ikanimo dongosolo loyendera mavolontiya anu pambuyo pake, ndipo amene akhudzidwa alembedwe nawo pa chithandizo popanda kuwachititsa manyazi.

Achinyamata nkhani yawo ndi ina, ndipo ndiwayankhulire pang'ono poti pamsonkhano paja panalibe ndi mmodzi yemwe. Mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi MSCE akadzipereka, mumtima amayembekeza kuti mwina chitseko chidzatseguka. Palibe cholakwika pamenepo. Chimene chimawaswa mtima n'chakuti kukapezeka kantchito kolipidwa, ngati kochita kafukufuku m'midzi yomweyi, galimoto imabwera ndi achinyamata a ku Blantyre, iwo n'kupemphedwa kuti awalondolere njira mwaulere. Apatseni mwayi woyamba. Apatseni satifiketi yolembedwa bwino, yonena zimene aphunzira ndi zaka zimene atumikira, ndi kalata yowachitira umboni akamafunsira ntchito kapena sukulu. Wachinyamata akachoka chifukwa wapeza ntchito, musamulembe kuti wathawa. Mutsanzikeni bwino, adzakutumizirani mng'ono wake.

Kutsanzikana kumeneku ndiko kumasowa ngakhale kwa ife akuluakulu. Mlendo ndi mame, timadziwa kuti pulojekiti iliyonse ili ndi tsiku lake lotha. Mu Januwale 2025 dziko la America litaimitsa thandizo lake lakunja, ntchito zambiri zinaima mwadzidzidzi, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa inu munachotsedwa ntchito, ena muli ndi ana pasukulu. Tinakumverani chisoni ndipo tinakupemphererani. Koma ngakhale m'zaka zabwinobwino, mapulojekiti akhala akutha ife osauzidwa. Timangoona mlangizi wasiya kubwera, foni yake sikupezeka, chikwangwani chikuchita dzimbiri pamsewu. Odwala ndi amayi aja amabwerabe pakhomo pathu kudzafunsa, poti ife sitisamuka. Patapita chaka kumabwera bungwe lina, n'kuyamba kusankha mavolontiya atsopano ngati kuti m'mudzimo simunakhalepo munthu wophunzitsidwa. Ntchito ikamatha, tiuzeni miyezi ingapo isanathe. Bwerani pabwalo pomwe munayambira paja, mutithokoze pamaso pa amfumu, mutipereke m'manja mwa alangizi a boma, ndipo mayina athu ndi zimene tinaphunzira zisungidwe kukhonsolo kuti wobwera pambuyo ayambire pamene mwasiyira.

Pa 5 Disembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira anthu odzipereka, ndipo ndimamva pawailesi akuluakulu akutiyamikira. Timathokoza. Koma tsikulo limatipeza tili m'munda, ndipo mnzanga wa njinga uja ndi wa mabulangete uja mawuwo sawafika.

Gulu lathu limakumana Lachinayi lachiwiri la mwezi uliwonse, 2 koloko masana, pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Mtsikana amene anafunsa funso lija abwerenso, kapena mutume wina, koma abwere ndi nthawi yokwanira ndipo galimoto aisiye kwa amfumu. Ndidzamutenga wapansi kupita kunyumba za amene anasiya, mmodzimmodzi, akawafunse yekha. Mabuku a zithunzi a mnzanga aja ndikusungabe m'sutikesi, momwe anawakulungira.

Ine wanu,
Mayi wodzipereka wa ku Phalombe